Kosi ya Kupisa Dzanja mu Mgolo

M'dziko la Mawaliripo, lomwe likulu lake ndi mzinda wa Tidikirebe, munali mwambo umodzi umene ngakhale alendo ankauyamikira. Munthu akaimbidwa mlandu waukulu, jaji sankaugamula yekha. Pankakhala anthu wamba khumi ndi awiri omwe ankamvetsera nkhani yonse, kenako n'kunena ngati munthuyo walakwa kapena ayi. Poti ankakhala pa benchi lalitali la m'mbali mwa khoti, anthu ankangowatchula kuti apabenchi.

Kasankhidwe kawo kanali kosavuta. Mayina a anthu onse akuluakulu a mumzinda ankalembedwa pa timapepala, timapepalato n'kuponyedwa mu mgolo womwe kale unkasungira mafuta ophikira. Tsiku la mlandu, kalaliki wa khoti ankagubuduza mgolowo katatu, n'kuyang'ana kudenga, n'kupisamo dzanja kakhumi ndi kawiri. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi dzanja limeneli linali la Mayi Delifa Mtambalika, mayi wamfupi wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, yemwe sankaseka ali pantchito ndipo sankanama ngakhale ali patchuthi.

Zinthu zinayamba kusokonekera chaka chimene mlatho wa pamtsinje wa Simuwoloka unasowa. Sunakokoloke ndi madzi ayi. Unangosowa, thabwa limodzilimodzi, mpaka unakapezeka wonse utasanduka khola la nkhumba kunyumba kwa a Gwaladi Chapendeka, mlamu wake wa Mfumu Mbwerezeni Wachinayi. Pakhomo la kholalo panali pakadali chikwangwani chakuti magalimoto olemera asadutse. Tsiku la mlandu, dzanja la Mayi Mtambalika linatulutsa akalipentala awiri, mphunzitsi wopuma ntchito, ndi amayi angapo omwe kwa miyezi itatu anakhala akuwoloka mtsinjewo madzi ali m'chiuno. Apabenchi amenewa sanachedwe n'komwe. Anati a Chapendeka ndi olakwa.

M'mawa mwake mfumu inawakhululukira. Patatha sabata inawapatsa udindo wa Nduna ya Zachilungamo ndi Zina Zotero, ponena kuti tsopano makhoti akuwadziwa mkati ndi kunja komwe.

Pa msonkhano wawo woyamba wa nduna, a Chapendeka anaimirira atanyamula mapepala ochuluka omwe sanawawerenge.

"Mwini Dziko," anatero, "dokotala amaphunzira zaka zambiri asanagwire mpeni. Woyendetsa basi ali ndi laisensi. Koma dzanja limene limasankha anthu ogamula milandu m'dziko lanu lino silinapondeko m'kalasi ngakhale tsiku limodzi. Limangolowa mu mgolo n'kutulutsa aliyense. Aliyense, Mwini Dziko! Ngakhale kalipentala!"

Nduna zina zinapukusa mitu modandaula. Ina inafunsa ngati mayiko ena akudziwa za manyazi amenewa. Mfumu, yomwe pa nthawiyo inali kalikiliki kusenda nzimbe ndi mano, inangoti, "Lembani, ndisaina."

Lamulolo linakalengezedwa pa chimkuzamawu pakati pa msika wa Nong'onezani. Linati kuyambira tsiku limenelo kalaliki aliyense asayerekeze kupisa dzanja mu mgolo asanachite kosi ya masabata asanu ndi limodzi n'kulandira satifiketi. Milandu yonse ikuluikulu iyambe yaima kaye.

"Ndiye kusukuluko lipite dzanja lokhalo, mwiniwake atsale pantchito?" anafunsa mayi wina wogulitsa tomato.

"Lamanja kapena lamanzere?" anawonjezera mnzake wa anyezi.

Bambo wa pabutchala anayang'ana dzanja lake nati, "Langali ladula nyama zaka makumi atatu lopanda pepala. Kapena n'chifukwa chake mumadandaula za mafupa."

Sukulu ya Ukadaulo wa Kupisa inatsegulidwa m'shedi yakale ya fodya, ndipo mphunzitsi wamkulu anali a Chapendeka eni ake. Makalaliki khumi ndi mmodzi ochokera m'zigawo zonse anakhala pa mabelo otsalira, makope ali m'manja. Sabata yoyamba anaphunzira Mbiri ya Mgolo. Yachiwiri anaphunzira Kayang'anidwe ka Kudenga, ndipo pofika Lachisanu makalaliki atatu anali atapita kuchipatala ndi makosi owuma.

Sabata yachitatu aliyense anapatsidwa Buku la Kalaliki, lokhala ndi siginecha ya mfumu ndi chidindo pachikuto. A Chapendeka ankalinyadira kwambiri tsamba 14, lomwe analilemba akukumbukira amayi owoloka mtsinje aja. Tsambalo linkati munthu aliyense yemwe dzina lake latuluka mu mgolo alumbire, kalaliki amuwerengere mlandu wonse mokweza, kenako amufunse ngati chinthu chimene akuti chinachitikacho anachiona kapena kuchimva. Akavomera kuti anaona kapena anamva, abwerere kwawo. Pabenchi pakhale okhawo osadziwa kanthu.

Mayi Mtambalika anakweza dzanja.

"Bwana Nduna, nanga chikakhala chinthu choti mzinda wonse unaona?"

"Mayi, funso limenelo mulibe m'silabasi," anayankha a Chapendeka, n'kuwachotsera malikisi asanu chifukwa chosokoneza kalasi.

Sabata yomweyo kunali tsiku lodzala mitengo. Mzinda wonse unasonkhana pabwalo la zamasewero kudzaonerera mfumu ikudzala kamtengo ka mbawa. Inali itavala suti yatsopano yoyera, yosokedwa ndi telala wodziwika wa mumsika, Bambo Bizaliele Kanjedza. Tsono m'dziko la Mawaliripo chiuno cha mfumu chinali nkhani ya lamulo. Tsiku limene inalowa ufumu chinayezedwa n'kupezeka mainchesi 34, ndipo nambala imeneyi inalembedwa m'buku la boma. Zaka makumi awiri za madyerero zinali zitadutsa, koma palibe amene anabweretsa bilu yosintha nambalayo.

Mfumu inatenga kamtengo, inamwetulira ojambula zithunzi, n'kuwerama.

Kwaaa!

Chimkuzamawu chinali pafupi, choncho phokosolo linamveka mpaka kumsika. Buluku linang'ambika kuyambira palamba mpaka pakati pa miyendo, ndipo anthu zikwi zisanu anadziwa nthawi imodzi kuti kabudula wamkati wa Mwini Dziko ndi wamaluwa ofiira. Bwalo lonse linati zii. Kenako kwinakwake kumbuyo munthu mmodzi anatsokomola pobisa kuseka, ndipo chifuwa chimenecho chinafalikira bwalo lonse mpaka ena anagwa pansi akutuluka misozi.

Pofika masana wailesi ya boma inali italengeza kuti phokoso lomwe anthu ena akuti anamva linali la mfuti yochitira ulemu. Kenako kunatuluka lamulo lakuti aliyense wonena kuti anaona kapena kumva china chake pabwalo paja akakhala zaka zisanu kundende ya ku Kuiwalika. Zitatero apolisi anapita pakhonde la Bambo Kanjedza n'kuwamanga pa mlandu woulula zinsinsi za boma. Anawasunga pa limandi kudikira kuti papezeke kalaliki wa satifiketi.

Sabata yomaliza ya kosi, a Chapendeka analamula kuti zitseko za shedi zitsekedwe. Anatulutsa timapepala tiwiri n'kuuza makalaliki kuti atikhudze atatsinzina.

"Mwamva kusiyana kwake? Aka n'kosalala, aka n'kokhakhala. Kuyambira lero, mayina a anthu odalirika azilembedwa pa tokhakhalati. Maso ayang'ane kudenga monga tinaphunzirira, mtima ukhale woyera, koma chala chophunzira chimadziwa chimene chikufuna. Pali funso?"

Panalibe funso. Malikisi anali atayamba kusowa.

Pa mayeso, zala za Mayi Mtambalika, zomwe zinali zitazolowera mapepala zaka zonse zija, zinatola tokhakhala khumi ndi tiwiri popanda kuphonya. Anakhala nambala wani. A Chapendeka anawapatsa satifiketi yokhala ndi riboni, n'kuwanong'oneza kuti, "Lolemba ndi mlandu wa telala uja. Tikudalira dzanja lanu."

Loweruka Mayi Mtambalika anapita kumsika kukagula ndiwo. Anayesetsa kulambalala mzere wa matelala, koma anamva wina akuwaitana.

"Amayi a kukhoti! Taimani pang'ono."

Anali Nachisale, mkazi wa Bambo Kanjedza, yemwe ankagulitsa zitumbuwa pafupi ndi khonde la mwamuna wake. Makina osokera anali atawafunditsa chitenje. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kope lothimbirira.

"Taonani apa, mayi. Amuna anga anayeza, n'kulemba 46. Uyu wakhwatcha apa n'kulemba 34 ndi nduna yanu ija, a Chapendeka, ndi cholembera chawo chobiriwira. Amuna anga anawauza kuti bwana, nsalu siidziwa malamulo. Iwo anati soka zimene boma lanena. Lero wolakwa ndi telala?"

"AnaChisale, ine sindiloledwa kukamba za mlandu."

"Sindikuti mukambe. Ndikungofuna kudziwa ngati mu mgolo muja mudakali anthu. Makinawa akuti akawapeza olakwa alanda. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, wodwala shuga, akabwerako wamoyo ku Kuiwalika?"

Mayi Mtambalika anayamba kusuntha kuti azipita. Nachisale anawayang'anitsitsa, n'kubweza kope lija m'thumba pang'onopang'ono.

"Pepani, ndinaiwala," anatero. "Paja mwaphunzira tsopano."

Mawu amenewa anawapweteka Mayi Mtambalika kuposa mmene mbama ikanawapwetekera. Anafika kunyumba alibe ndiwo. Lamulungu lonse anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala akulingalira. Akakana kutola tokhakhala, a Chapendeka angowachotsa n'kuitana kalaliki yemwe anakhala nambala thu, mnyamata wofunitsitsa kukwezedwa. Akatola, ndiye kuti telala wapita. Anatsegula Buku la Kalaliki kuti mwina apezemo podzitonthozera, ndipo analiwerenga lonse kawiri. Atafika pa tsamba 14 kachiwiri, anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwerenganso.

Lolemba khoti linadzaza mpaka ena anakwera m'mawindo. Jaji anali a Mwalwanda, bambo wachikulire yemwe ankamvetsera milandu atatsinzina, moti maloya atsopano ankaganiza kuti akugona mpaka atawafunsa funso. Bambo Kanjedza anaima m'kabokosi ka oimbidwa mlandu ataonda, tepi yoyezera idakali m'khosi chifukwa apolisi anaiwala kuwalanda. A Chapendeka anakhala kutsogolo kuti aone zipatso za sukulu yawo.

Mayi Mtambalika anagubuduza mgolo katatu. Anayang'ana kudenga mwaukadaulo. Anapisa dzanja.

Dzina loyamba linali la bambo wonyamula ambulera ya mfumu. Lachiwiri la woimba lipenga wa kunyumba yachifumu. Kenako mkulu wa alonda, mayi wotsogolera gulu lovinira mfumu, asuweni awiri a nduna, wopukuta nsapato za mfumu, mpaka anakwana khumi ndi awiri, onse odya kunyumba yachifumu. Anthu anayamba kung'ung'udza. Wina pawindo anati, "Mgolowu wayamba kudziwa anthu." Nachisale anaphimba nkhope ndi mpango.

"Zayenda bwino," anatero a Chapendeka akuimirira. "Akhale pabenchi, tiyambepo."

"Pepani, Bwana Nduna," anatero Mayi Mtambalika. "Tsamba 14."

"Aa, zimenezo tingathe kudumpha. Awa ndi anthu odziwika."

A Mwalwanda anatsegula diso limodzi. "Mayi kalaliki, bukulo ndi lamulo?"

"Lili ndi siginecha ya Mwini Dziko ndi chidindo, Bwana Jaji. Pa mayeso linali funso loyamba."

"Ndiye sitingadumphe Mwini Dziko. Funsani."

Wa ambulera anabwera kutsogolo n'kulumbira. Mayi Mtambalika anawerenga mlandu wonse mokweza, liwu ndi liwu, monga bukulo linkanenera: kuti pa tsiku lakutilakuti woimbidwa mlandu anachititsa buluku la mfumu kung'ambika kumbuyo, n'kuonetsa poyera zinthu zimene boma limasunga mwachinsinsi. Chifuwa chija chinayambiranso m'khoti.

"Bambo, tsiku limenelo munali kuti?"

"Ndinali pantchito yanga, mayi. Kumbuyo kwenikweni kwa Mwini Dziko."

"Chimene akuti chinachitikachi, munachiona kapena kuchimva?"

Bamboyo anayang'ana a Chapendeka. Anayang'ana apolisi awiri omwe anaima pakhomo. Anakumbukira zaka zisanu za ku Kuiwalika.

"Sindinaone kanthu!" anakuwa. "Ndipo sindinaone chifukwa panalibe choti n'kuona. Buluku la Mwini Dziko silinang'ambike, silinayambe lang'ambikapo, ndipo silingang'ambike!"

Mayi Mtambalika analemba zonse mosafulumira. "Mwakhoza, bambo. Khalani pabenchi. Wotsatira."

Woimba lipenga sanafune kupambanidwa pa kukhulupirika. Analumbira kuti phokoso lija linali la lipenga lake, lomwe linali ndi chimfine. Mkulu wa alonda anati iye anayang'anitsitsa malo amene akunenedwawo kwa mphindi zingapo monga mwa ntchito yake, ndipo msoko unali wolimba ngati wa tenti ya asilikali. Mayi wa gulu lovina anati m'moyo wake wonse sanaonepo buluku lokhala bwino pathupi la munthu ngati limene lija. Wopukuta nsapato anati iye amayang'ana pansi nthawi zonse, koma ngakhale ali chiweramire ankamva mumtima kuti kumwambako zonse zili bwino. Onse khumi ndi awiri anakhoza, ndipo anakhala pabenchi akupumira m'mwamba ngati anthu opulumuka pangozi.

Woimira boma pamilandu anaimirira n'kuitana mboni yoyamba. Mboniyo inali itapita kukamwa madzi ndipo sinabwerenso. Yachiwiri inatumiza uthenga kuti yadwala maso kuyambira mwezi watha. Woimira bomayo atafunsidwa za buluku lenilenilo ngati umboni, anati lili kunyumba yachifumu ndipo kulibweretsa kungakhale kuulula chinsinsi kachiwiri.

A Mwalwanda anatsegula maso onse awiri.

"Bwana Nduna, inu munalipo tsiku limenelo. Tithandizeni. Bulukuli linang'ambika?"

A Chapendeka anakonza tayi. Lamulo la zaka zisanu lija analemba ndi iwo omwe, ndipo anakumbukira kuti sanaikemo mawu opatula nduna.

"Boma silinanenepo kuti linang'ambika, Bwana Jaji."

"Nanga telalayu anaulula chiyani?"

"Chinsinsi."

"Chiti?"

"Chimenecho n'chachinsinsi."

"Ndamva," anatero a Mwalwanda, n'kutembenukira kubenchi. "Abale anga, mlandu ndi umenewu. Kakambiraneni."

Apabenchi analowa m'kachipinda kawo. Anthu omwe anali pafupi ndi chitseko anamva mkangano wa manong'onong'o. Msuweni wina wa nduna ankati anawatuma kudzanena kuti wolakwa. Mkulu wa alonda anamufunsa kuti wolakwa pa chiyani, poti iye mwini wangolumbira kumene pamaso pa anthu kuti palibe chinachitika, ndipo mayi uja walemba. Akati wolakwa ndiye kuti buluku linang'ambika, ndiye kuti analiona, ndiye kuti ananama atalumbira. Imeneyo ndi milandu iwiri, pamene telala ali ndi umodzi.

Anatuluka patatha mphindi khumi. Wa ambulera ndiye anayankhulira onse.

"Bwana Jaji, tapeza kuti Bambo Kanjedza ndi osalakwa, chifukwa anasoka buluku lolimba kwambiri m'mbiri ya dziko lino."

Nthungululu ya Nachisale inamveka mpaka kubutchala. Bambo Kanjedza anakhala pansi m'kabokosi muja n'kuyamba kulira, akupukuta misozi ndi tepi. A Chapendeka anatuluka osatsanzika. Podutsa pa tebulo la kalaliki anaima pang'ono.

"Mayi, mwandichita chiyani?"

"Zonse zimene munatiphunzitsa, bwana. Sindinasiyeko ngakhale chimodzi."

Boma silinachedwe kuchitapo kanthu. Kosi inatalikitsidwa kufika zaka ziwiri. Mabuku onse anaitanitsidwa ndipo tsamba 14 linachotsedwamo. Ili lokha boma linavomereza kuti lang'ambika. Mayi Mtambalika anakwezedwa pantchito n'kukhala Mkulu Woyang'anira Mafayilo Akale, m'chipinda chopanda windo kuseri kwa khoti, kutali ndi mgolo. Anaulira mgolowo masiku angapo, chifukwa ntchito ija ankaikonda. Koma Lachisanu lake Nachisale anafika ndi mbale ya zitumbuwa zotentha, anagwada pakhomo n'kunena kuti, "Mayi, pakamwa panga panathamanga tsiku lija. Mundikhululukire." Anadyera limodzi atakhala pa mulu wa milandu ya makolo awo, ndipo alonda a pakhoti amanena kuti tsiku limenelo anamva Mayi Mtambalika akuseka.

Bambo Kanjedza anabwerera pakhonde lawo. Asanamalize n'komwe kuthira mafuta m'makina, kunabwera mthenga wa kunyumba yachifumu. Kunali kukubwera alendo ochokera kunja, suti yoyera ija inkafunika, ndipo matelala ena onse a mumzinda anali atalengeza kuti anasiya kusoka mabuluku, tsopano amangosoka makatani. Bambo Kanjedza anatenga singano, ulusi wolimba ndi kansalu koyera kokwanira kuwonjezera mainchesi khumi ndi awiri, n'kutsatira mthengayo.

Pachipata mlonda anatsegula buku la alendo.

"Dzina?"

"Bizaliele Kanjedza, telala."

"Mwadzatani?"

"Ndadzasoka buluku lomwe silinang'ambike."

Mlondayo anaganiza kwa kanthawi, cholembera chili m'kamwa. Kenako anawerama n'kulemba mosamala pafupi ndi dzina lawo kuti: Sanabwere.

"Lowani, bambo," anatero. "Akukudikirani."